Mulungu ndani, nanga chabwino chimachokera kuti? Mafunso ndi mayankho a pabwalo lathu la ku Mufakose

Bungwe lathu la maliro, la mabanja amene kwawo ndi ku Malawi, limakumana Lamlungu lomaliza la mwezi kuseri kwa nyumba ina ku Mufakose, mu Harare ku Zimbabwe, pansi pa mtengo wa mapeyala. Tikatha kuwerenga ndalama ndi kulemba m'kaundula amene wapereka, anthu sanyamuka. Tiyi akabwera nkhani imakhota yokha, ndipo kawirikawiri imakathera pa Mulungu. Pagululi pali a CCAP, Akatolika, Asilamu achiyao a ku Mbare ndi ku Highfield, a Mboni za Yehova, akuluakulu a kudambwe, komanso achinyamata angapo amene amanena mosabisa kuti sakhulupirira. Ine ndine mlembi wa bungweli, ndimapemphera ku CCAP, ndipo ndinaphunzitsa sukulu zaka zambiri. Mafunso omwewo amabwerabwera, ena pabwalopo, ena pa WhatsApp usiku, choncho ndawasonkhanitsa pano. Pamene ndikunena maganizo anga ndikuuzani kuti ndi anga. Pamene anzanga amaona mosiyana ndayesetsa kunena mbali yawo monga eni ake akanainenera.

Kodi kutsutsana za Mulungu si tchimo?

Funsoli amafunsa kwambiri ndi amayi athu a Chigwirizano, ndipo amafunsa ndi mantha enieni. Ayi amayi, si tchimo. Pa Genesis 18 Abrahamu akuima pamaso pa Mulungu kunenerera Sodomu, kuyambira pa olungama 50 n'kumatsika mpaka 10, ndipo akufunsa ngati Woweruza wa dziko lonse sayenera kuchita chilungamo. Yobu anadandaula machaputala ambirimbiri. Mulungu anamuyankha mwamphamvu, inde, koma pa chaputala 42 amene anapsera mtima ndi abwenzi atatu aja omwe ankaikira Mulungu kumbuyo ndi mayankho apafupi. Akulu anati safunsa anadya phula.

Choipa n'kunyoza munthu amene mukutsutsana naye. Pabwalo lathu wina akamalankhula ena amakhala chete, ndipo palibe amene amaloledwa kuuza mnzake kuti akapsa.

Kodi makolo athu ankamudziwa Mulungu amishoni asanafike?

Ankamudziwa, ndipo umboni ndi mayina. Anthu sapatsa mayina ambiri chinthu chimene sachidziwa. Ankamutcha Namalenga poganizira za chilengedwe, Mphambe pomva bingu ndi kuona mphezi, Chisumphi popempha mvula, Chauta poona uta wa Leza utapinda kumwamba mvula itakata. Ku Msinja kunali kachisi wamkulu wa mvula, kumene Makewana ankatsogolera nsembe. Amang'anja ali ndi kachisi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje mpaka lero.

Analinso ndi nkhani ya chiyambi. Pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, Chauta anatsika ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, nakhala pamodzi mwamtendere. Tsiku lina munthu anapeka moto, tchire linayaka, nyama zinathawa zili ndi mkwiyo, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Taonani kumene nkhaniyi ikuika mlandu. Mulungu sanachoke chifukwa chotopa nafe. Anachoka chifukwa cha chimene munthu anachita ndi manja ake. Makolo anali ataona kale kuti pakati pa Mulungu ndi khalidwe la munthu pali chingwe.

Amishoni a Livingstonia atafika ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre mu 1876, ndi a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889, sanabwere ndi dzina latsopano. Anatola liwu loti Mulungu limene analipeza pakamwa pa anthu, ndipo ndi lomwe lili mu Buku Lopatulika la 1922. Buku Loyera la 1998 linapitirira apo: pamene Chihebri chili ndi dzina lenileni la Mulungu, omasulira analemba kuti Chauta. Akuluakulu a kudambwe amakonda kutikumbutsa zimenezi, ndipo akunena zoona. Chimene amishoni anabweretsa ndi nkhani ya Yesu, buku, ndi sukulu. Zimenezo n'zazikulu, koma Mulungu sanabwere pa sitima.

Mulungu, Mwari ndi Allah: ndi mmodzi kapena ndi atatu osiyana?

Ana athu obadwira kuno amapemphera m'Chishona kusukulu, m'Chichewa kutchalitchi, ena m'Chiarabu kumzikiti, choncho funsoli kwa iwo si lamasewera. Pa dzina lokha palibe vuto. Mwari ndi dzina limene anzathu Achishona ankatchula kalekale, ndi akachisi ake ku mapiri a Matobo monga Njelele, ndipo Baibulo la Chishona linatenga dzina lomwelo monga lathu linatengera Mulungu. Allah ndi liwu la Chiarabu, ndipo Akhristu a ku Egypt ndi Lebanon akamawerenga Baibulo lawo amatchula Allah yemweyo. Onsewa akuloza Mlengi mmodzi wa kumwamba ndi dziko.

Kusiyana kumayamba tikafunsa kuti Mlengiyo ndi wotani. Akhristu ambiri amatsata chimene chinagwirizanidwa ku Nicaea m'chaka cha 325, kuti Mwana ndi Mulungu ndithu mofanana ndi Atate, ndipo pambuyo pake chiphunzitso cha Utatu chinakhazikika. Asilamu amayankha ndi Sura 112 ya Qur'an, yoti Mulungu ndi mmodzi, sanabereke ndipo sanaberekedwe. A Mboni amati Yesu ndi Mwana wolengedwa, wochepera Atate. Kusiyana uku n'kwenikweni ndipo sindifuna kukupaka mafuta. A shehe a pagulu lathu sangavomere Utatu, ine sindingausiye. Komabe tikamatsutsana timadziwa kuti tikukangana za mmodzi yemweyo, monga ana awiri okangana za khalidwe la bambo awo amene mmodzi anakula nawo ku Dedza, wina ku Kadoma.

Kodi Mulungu ndi mwamuna wokhala kumwamba?

Chichewa chimatithandiza apa: timati iye, ndipo iye alibe ndevu kapena chitenje. Ayuda, Akhristu ndi Asilamu onse amaphunzitsa kuti Mulungu alibe thupi. Mawu oti Atate, Mfumu, Mbusa ndi mafanizo otengedwa pa zimene timadziwa, ndipo Yesaya 66 amamufanizanso ndi mayi wotonthoza mwana. Chithunzi cha nkhalamba yachizungu ya ndevu zoyera chinachokera kwa ojambula a ku Ulaya.

Ngati chilichonse chili ndi wochipanga, Mulungu anapangidwa ndi ndani?

Mfundo ya okhulupirira siyoti chilichonse chili ndi wochipanga. Ndi yoti chilichonse chimene chinayamba, kapena chimene chimadalira china kuti chikhalepo, chimafuna chochititsa. Unyolo wa zodalirana uyenera kukoledwa penapake posadalira kanthu, ndipo pamenepo ndi pamene amatcha Mulungu. Wosakhulupirira amayankha kuti ngati pali chinthu chongokhalapo chokha, bwanji chisakhale chilengedwe chomwechi? Onse awiri aima pa chinthu chopanda chiyambi. Akusiyana pa funso loti chinthucho chimadziwa ndi kufuna, kapena ayi. Kwa ine funso limenelo siliyankhidwa poyang'ana nyenyezi zokha, n'chifukwa chake mafunso otsatirawa akutembenukira ku khalidwe.

Nanga kudziwa chabwino ndi choipa kumachokera kuti?

Pabwalo lathu pamamveka mayankho anayi. Akulu a mpingo ndi a shehe amati kwa Mulungu, kudzera m'malamulo ake. Akudambwe amati ku mwambo wa makolo ndi umunthu. Achinyamata a ku yunivesite amati ndi chibadwa chimene chinakula mwa anthu chifukwa okhala mogwirizana ndiwo ankapulumuka. Ena ochepa amati nzeru yokha imakwanira: chimene sungafune kuti aliyense achite, iwenso usachite. Lililonse mwa mayankhowa lagwira mbali ya choonadi ndipo lililonse lili ndi pamene limatsimphina. Mafunso otsatirawa akuwatenga limodzilimodzi.

Kodi chinthu n'chabwino chifukwa Mulungu wachilamula, kapena Mulungu amachilamula chifukwa n'chabwino kale?

Ili ndiye funso limene limatichedwetsa mpaka makombi atatha pamsewu. Ndi lakale: Plato, woganiza mozama wa ku Greece, analemba kuti mphunzitsi wake Socrates, amene anaphedwa ku Athens mu 399 Yesu asanabadwe, anafunsa zofanana nazo munthu wina dzina lake Euthyphro pakhomo la bwalo la milandu.

Vuto lake lili chonchi. Mukati chinthu n'chabwino kokha chifukwa Mulungu wanena, ndiye kuti akanati kuba n'kwabwino kukanakhala kwabwino, ndipo kuimba kuti Mulungu ndi wabwino kukungotanthauza kuti Mulungu amachita zimene wafuna. Mfumu yankhanza iliyonse imachitanso zimene yafuna. Mukati Mulungu amalamula chifukwa chinthucho n'chabwino kale, ndiye kuti pali muyeso wina pamwamba pake umene iyenso amaumvera. Ife Achewa tikudziwa bwino mbali yachiwiriyi, chifukwa mfumu yathu sipanga mwambo. Imaupeza, ndipo ikakhotetsa mlandu anthu amati yalakwa. Kodi Mulungu ali ngati nyakwawa yomvera mwambo umene sanaupange?

A shehe anatiuza kuti Asilamu anakangananso pa zomwezi zaka zoposa 1,000 zapitazo. Gulu la Mu'tazila linkati nzeru ya munthu imatha kudziwa chabwino ndi choipa, ndipo Mulungu sangachite chosalungama. Otsatira al-Ash'ari ankati chabwino ndi chimene Mulungu walamula, palibenso muyeso wina. Kwa Akhristu, William wa ku Ockham anapendekera mbali ya lamulo, Thomas Aquinas mbali ya nzeru.

Ine ndimaima ndi Augustine, bishopu wakale wa ku Hippo, ndi Aquinas, amene anati funsolo likutisankhitsa pa njira ziwiri pamene pali yachitatu. Ubwino si lamulo limene Mulungu anadzuka nalo tsiku lina, ndiponso si chinthu china chokhala kunja kwake. Ndi chikhalidwe chake chenicheni. Mchere suchita kusankha kukoma kwake, ndipo palibe amene amaulamula kuti ukome chotero. Ndi mmene ulili, ndipo ndiwo zimakolera chifukwa cha iwo. Mulungu sangalamule nkhanza pa chifukwa chomwecho chimene mchere sungazune ngati shuga.

Mnyamata wina wa ku Dzivarasekwa amandiyankha nthawi zonse kuti, "Agogo, mwangosuntha funso. Mukudziwa bwanji kuti chikhalidwe chakecho n'chabwino, ngati mulibe kale muyeso mumtima mwanu?" Akunena zoona kuti muyesowo ndili nawo kale, ndipo ndinali nawo ndisanawerenge vesi lililonse. Pamene timasiyana ndi apa: iye amati zimenezo zikusonyeza kuti Mulungu n'ngosafunika, ine ndimati lilime lodziwa mchere linapangidwa ndi mwini mchere.

Bwanji munthu akati, "Mulungu wandiuza," n'kuchita choipa? Kodi Abrahamu sanauzidwe kupha Isaki?

Mu Harare muno aneneri ndi ambiri, m'maholo a m'tauni ndi pa zigwa zimene anthu ovala zoyera amasonkhana. Ambiri ndi anthu oona mtima. Koma tonse tamvapo za mayi wouzidwa kuti asiye mankhwala ake, kapena mtsikana wa sukulu wouzidwa kuti mzimu wamusankhira mwamuna wamkulu ngati bambo ake. Mu 2022 chikuku chinapha ana oposa 700 m'dziko muno, ambiri mwa iwo osabayidwa katemera, ndipo ena anali a m'mabanja amene chikhulupiriro chawo chimakana chipatala. Funsoli lili ndi manda ake.

Ngati yankho la pamwambapa lili loona, ndiye kuti liwu lolamula nkhanza silichokera kwa Mulungu, ngakhale litabwera ndi malilime ndi kunjenjemera. Immanuel Kant, woganiza mozama wa ku Germany, ananena za Abrahamu kuti munthu angatsimikize kuti kupha mwana wake n'kulakwa, koma sangatsimikize chimodzimodzi kuti liwu limene wamva ndi la Mulungu. Okhulupirira ambiri amawerenga Genesis 22 kuchokera kumapeto kwake: mpeni unaletsedwa, nkhosa inaperekedwa, ndipo Chilamulo ndi aneneri monga Yeremiya anadzudzula kupereka ana nsembe. Nkhaniyi ndi yolemera, sindiipeputsa. Koma amene akuigwiritsa ntchito lero kuti avulaze mwana waiwerenga theka.

Kodi munthu wosakhulupirira Mulungu angakhale wamakhalidwe abwino?

Angathe, ndipo ndinaona ndi maso anga. Kolera ya 2008 ndi 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'Zimbabwe, ndipo Budiriro, dera la mu Harare muno, inali pakati pa moto. Mlongo wanga ankakhala kumeneko. Mumzere wawo munali bambo wina wokonza nsapato, womwa mowa, amene ankanena poyera kuti kumwamba kulibe munthu. Mwana wa mlongo wanga atayamba kutsegula m'mimba usiku, maso atalowa m'kati, khungu likatsinidwa osabwerera, ife opemphera tinaima pakhomo titagwira pakamwa, chifukwa tinkaopa kumukhudza. Ine ndinali mmodzi wa oimawo. Bambo uja anavala mapepala a pulasitiki m'manja, anayala bulangete lake mu wilibala, n'kumukankha mwanayo mumdima mpaka kuchipatala. Sabata imeneyo ananyamula anthu ena angapo. Mwana uja lero ali ndi ana ake.

Baibulo silidabwa ndi zotere. Pa Aroma 2 Paulo akuti anthu opanda Chilamulo amachita mwachibadwa za m'Chilamulo, chifukwa zinalembedwa m'mitima yawo ndipo chikumbumtima chawo chimachitira umboni. Yesu posankha chitsanzo cha mnansi anasankha Msamariya, munthu wa chipembedzo chonyozeka kwa omvera ake.

Choncho tisiyanitse mafunso awiri. Lina n'loti kodi munthu ayenera kukhulupirira kuti achite chabwino. Yankho ndi ayi. Lina n'loti kodi chabwinocho chikuima pa chiyani. Munthu angamwe madzi a pampopi moyo wake wonse osadziwa kuti achokera ku Lake Chivero. Mtsutso wathu uli pa gwero, ndipo wokonza nsapato uja ndimamuvulira chipewa mpaka lero.

Kodi umunthu ndi mwambo wa makolo sizokwanira?

Umunthu ndi chuma chachikulu. Anzathu kuno amati hunhu, a ku Bulawayo amati ubuntu, ndipo mu 1980 Stanlake Samkange ndi mkazi wake Tommie Marie analemba buku lofuna kuti Zimbabwe yatsopano imangidwe pa maziko amenewo. Kwathu abusa Augustine Musopole analemba zambiri za umunthu. Miyambi yathu ili nawo wonse: kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, mwana wa mnzako ngwako yemwe, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Bungwe lathu lomweli ndi umunthu wolembedwa m'kaundula. Agogo athu amene anabwera ndi Ulere ndi Mthandizi, njira zotengera anthu antchito nthawi ya atsamunda, kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi analibe abale kuno, ndiye anapangana kuti wina akagwa asaikidwe ngati galu. Ngakhale chiphunzitso cha mdulo chinali ndi nzeru mkati mwake: chimene ukuchita mobisa chingadwalitse mwana wosalakwa.

Koma mwambo womwewo unamwetsa anthu mwabvi, unalola mafumu ena kugulitsa anthu awo kwa ogula akapolo a ku Nkhotakota, ndipo m'madera ena unakakamiza namfedwa kulowa kufa. Amene anayamba kunena kuti izi n'zoipa anali kutsutsa mudzi wonse. Ngati chabwino chili chabe chimene mudzi wagwirizana, munthu ameneyo anali wolakwa mpaka tsiku limene ambiri anamutsatira, ndipo palibe mmodzi wa ife amene amakhulupirira zimenezo.

Palinso funso loti mudzi umathera pati. Ife tikulidziwa bwino, ife amene takhala tikutchedwa mabhurandaya (a ku Blantyre) ndi anthu opanda mutupo, kapena kuti mfunda, ngakhale tili a Banda, a Phiri ndi a Mwale. Umunthu ukathera pa malire a mtundu, mlendo amatsala panja. Kuti ufike kwa aliyense pafunika chifukwa chonenera kuti munthu aliyense ndi munthu, wakwanu kapena ayi. Ine chifukwacho ndimachipeza pa Genesis 1, kuti tonse tinalengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Akudambwe amati Namalenga ndi wa onse, ndipo apo timagwirana chanza.

Asayansi akuti chikumbumtima chinabwera ndi chisinthiko. Kodi zimenezo sizikutseka nkhani?

Charles Darwin analemba mu 1871 kuti nyama zokhala m'magulu zili ndi chibadwa chothandizana, ndipo kuti nzeru zikakula chibadwa chimenecho chingasanduke chikumbumtima. Zambiri mwa izi n'zooneka. Njovu za ku Hwange zimazungulira mwana wawo pakakhala choopsa, ndipo anyani amapesana nsabwe mobwezerana. Sindiona chifukwa choti Mkhristu aziope, ndipo mpingo wa Katolika suletsa anthu ake kuvomereza chisinthiko.

Koma chisinthiko chomwecho chinatipatsanso nsanje, kukondera akwathu, ndi mtima wobwezera. Zonsezi n'zachibadwa mofanana. Chimene chimatiuza kuti chifundo chikule ndipo nsanje igonje sichingakhale chibadwa chokha, pakuti chikuweruza pakati pa zibadwa ziwiri. David Hume, amene sanali munthu wa mpingo, anaona kale m'zaka za m'ma 1700 kuti kunena mmene zinthu zilili sikufikitsa pa mmene ziyenera kukhalira. Osakhulupirira oganiza bwino amadziwa zimenezi, ndipo amafuna maziko ena: ena pa nzeru monga Kant, ena pa kuchepetsa kuvutika, ena amati chabwino ndi choipa n'zoona zongokhalapo ngati masamu. Mayankho amenewa si achibwana. Kwa ine amafotokoza bwino chimene chili chabwino, koma safotokoza chifukwa chimene chimandigwira pakhosi ngati ngongole pamene palibe wondiona.

Nanga bwanji zipembedzo zachita zoipa zambiri? Bwanji tisangotsata malamulo a boma?

Zachitadi. Nkhani ya Hamu inagwiritsidwa ntchito kudalitsa ukapolo, ndipo mpingo wa Dutch Reformed ku South Africa, umene unatumiza amishoni ku Mvera ndi ku Nkhoma, unaikira kumbuyo tsankho zaka zambiri. Mpingo wangawu unachokera kumeneko, ndipo sindibisa. Koma amene anatsutsa anatsutsa ndi buku lomwelo: John Chilembwe mu 1915, chivomerezo cha Belhar chotsutsa tsankho ku South Africa mu 1986, ndi kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi a ku Malawi pa 8 Malichi 1992, nthawi imene kutsutsa boma kunali kuika moyo pachiswe.

Malamulo a boma nawonso ali ndi mbiri yawo. Land Apportionment Act ya 1930, imene inagawa malo m'dziko muno mokondera azungu, inali lamulo. Kuletsedwa kwa a Mboni ku Malawi mu 1967 kunali lamulo. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunasiya ambiri a ife obadwira kuno tili ndi zitupa zotitcha alendo, mpaka malamulo aakulu a 2013 anayamba kukonza zimenezo, n'kuika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Tinadziwa kuti lamulo lakale linali lokhota lisanasinthidwe. Muyeso umene tinaliyezera ndi womwe takamba pa funso la Socrates.

Ngati Mulungu ndi wabwino ndiponso wamphamvu zonse, bwanji osalakwa amavutika?

Mu Malichi 2019 namondwe Idai anagumula mapiri a Chimanimani usiku, miyala n'kukwirira nyumba za ku Ngangu anthu ali m'tulo. Mu Malichi 2023 Freddy anachita zomwezo ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, ndipo m'Malawi anthu oposa 1,000 anafa. Mayi wina wa m'bungwe lathu anataya mchemwali wake ndi adzukulu awiri kumeneko. Sanathe kupita, choncho tinachezera naye kwake ku Mabvuku, siwa yopanda bokosi, chithunzi chokha chili patebulo pafupi ndi kandulo. Pakati pa usiku, nyimbo zitaduka, anafunsa mosakweza mawu kuti, "Kamwana ka miyezi isanu kanalakwa chiyani?" Mkulu wa mpingo wina anayamba kunena kuti zonse zili ndi cholinga. A shehe anamugwira bondo, ndipo anakhala chete. Anachita bwino.

Mayankho alipo, ndipo ali ndi malo ake masana. Augustine, amene anali bishopu ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, anati choipa si cholengedwa koma kusowa kwa chabwino, monga chiboo pa nsalu. Ambiri amati Mulungu anatipatsa ufulu wosankha, ndipo ufulu wosatha kulakwa si ufulu. Izi zimafotokoza nkhondo, katangale, ngakhale mbali ina ya Chilobwe, pakuti umphawi ndi umene umakankhira anthu kumanga m'mphepete mwa phiri lodulidwa mitengo. Sizifotokoza khansa ya mwana. Ena amati dziko lokhala ndi malamulo okhazikika, momwe madzi amathirira chimanga, ndi lomwenso madzi amamiza. N'zoona, koma simunganene zimenezo kwa mayi uja.

Ili ndiye funso lamphamvu kwambiri la osakhulupirira, ndipo wokhulupirira amene sanagwedezeke nalo sanalimvetse. Buku la Yobu silipereka chifukwa, ndipo limakana yankho loti wovutika analakwa. Yesu anakananso yankho lomwelo pa Yohane 9. Chimene chimandisunga ine ndi ziwiri. Choyamba, kulira kwa mayi uja kunali kunena kuti izi siziyenera kutero, ndipo mawu oti siziyenera amafuna muyeso woposa matope ndi mvula. Chachiwiri ndi mtanda: Mulungu amene ndimamupembedza anaikidwapo m'manda. Asilamu amatsamira pa kupirira ndi chiweruzo cha tsiku lomaliza, akudambwe pa mizimu imene siitaya mbumba yake. Usiku uja tonse tinakhala mpaka kunacha, ndipo achinyamata osapemphera aja ndiwo anawaza nkhuni.

Kuchita chabwino chifukwa choopa moto kapena kufuna kumwamba, kodi ndi ubwino weniweni?

Ndi poyambira chabe. Mwana amasiya kuba shuga chifukwa choopa mkwapulo, koma tikuyembekeza kuti akakula adzasiya chifukwa chokonda amayi ake amene amauvutikira. Kalata yoyamba ya Yohane imati chikondi changwiro chimataya mantha kunja. Wachinyamata akakuuzani kuti iye amachita chabwino osayembekeza malipiro, musamutsutse, pakuti wanena chimene chikhulupiriro chokhwima chimafunanso. Onaninso yankho la wokonza nsapato.

Mwana wanga wasiya kupemphera ndipo akuti kulibe Mulungu. Ndichite chiyani?

Bambo, mayi, musamuthamangitse ndipo musamuitanire mneneri woti amutulutse ziwanda. Gawo 60 la malamulo aakulu a dziko lino limamupatsa ufulu wa chikumbumtima, koma chachikulu n'choti ndi mwana wanu. Mufunseni chimene chinamuchotsa. Kawirikawiri si Darwin. Ndi mbusa amene anadya ndalama za mpingo, kapena pemphero limene silinayankhidwe pamene agogo ake ankadwala, kapena funso limene anafunsa ali ndi zaka 12 n'kuuzidwa kuti atseke pakamwa. Ngati chimene akunena chili choona, vomerani kuti n'choona. Mukapanda kudziwa yankho, musapeke.

Pitirizani kumutuma kumaliro, kukaona odwala, kutumiza ndalama kwa agogo kumudzi. Mupemphereni kuchipinda kwanu, osati mokweza patebulo kuti amve. Mnyamata wa ku Dzivarasekwa uja anakhala zaka ziwiri osalankhulana ndi bambo ake pa nkhani yomweyi, mpaka amalume ake anawakhazika pansi onse awiri. Sanabwerere kutchalitchi. Koma analembetsa m'bungwe ndi dzina lake, ndipo maliro akagwa ndiye amathamangira mapepala a kumanda. Mwezi wathawu anafika mochedwa kuchokera kuntchito, anapereka ndalama zake, n'kukhala pa benchi pakati pa bambo ake ndi a shehe, ndipo tiyi asanazizire anali atayambitsanso nkhani ya mchere.